Aircon ikudontha madzi, mmisiri akuti gasi watha: a kunyanja tithandizane

Anaphiri ku Salima: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa odziwa za ma aircon. Yakuchipinda kwathu ikudontha madzi otsikira pakhoma mpaka penti wayamba kusupuka, komanso sikuziziritsa ngati kale. Kunabwera mnyamata wina wokonza mafiriji, anangoima pakhomo n'kuyang'ana m'mwamba, basi akuti gasi watha, tithire wina. Chaka chatha anathiranso yemweyo. Kodi gasi ameneyu amatha chaka ndi chaka ngati wophikira?

Nangozo ku Nkhotakota: Kkkk achemwali, nyimbo yake ndi imeneyo kulikonse. Kaya rimoti yatha mabatire, iwo amati gasi watha.

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Amayi Anaphiri, musalipire kaye. Gasi wa mu aircon sapsa ndipo sachepa chifukwa chogwira ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kuchoka ku makina a panja kupita ku a m'nyumba n'kubwereranso. Ngati wachepadi ndiye kuti pali pamene akuthawira, ndipo munthu wothira wina asanapeze bowolo akukugulitsani ulendo wachiwiri. Ndiyankheni izi kaye: ma sefa munatsuka liti? Mukatsegula chivindikiro cha kutsogolo, kuseri kwa ma sefa kukuoneka ayisi? Nanga kapaipi kotulutsa madzi panja kakudontha?

Anaphiri ku Salima: Ma sefa ake ati abambo? Ine chigulireni ndimangodina rimoti.

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Ndiye tapezana. Zimitsani pa switchi ya pakhoma, osati pa rimoti pokha. Gwirani chivindikiro m'mbali zonse ziwiri, kwezani m'mwamba, muona timaukonde tiwiri tapulasitiki. Tisololeni pang'onopang'ono, mutitsuke ndi madzi ndi kasopo pang'ono, tiume pamthunzi. Padzuwa la ku Salima timapindika. Ma sefa akatsekeka ndi fumbi mpweya sudutsa mokwanira, tizitsulo ta kuseri kwake timazizira mopitirira mpaka madzi amaundana pomwepo. Ayisi ameneyo amatchinga mpweya wotsalawo, n'chifukwa chake chipinda sichizizira, ndipo akamasungunuka madzi amasefukira m'kangalande ka pansi n'kutsikira pakhoma. Kuchepa kwa gasi nakonso kumabweretsa ayisi, sindikukana, koma munthu amayamba ndi chimene sichifuna ndalama.

Bambo a Tadala ku Nchalo: Madala, kutsukako kangati? Kuno ku chigwa fumbi la Seputembala ndi Okutobala mukulidziwa, kuphatikiza phulusa la moto wa m'minda.

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Kwanu kumeneko milungu iwiri iliyonse, achimwene. Nthawi ya dzinja kamodzi pamwezi kakwana. Ndi ntchito yoti mwana wa Fomu 2 aichita bwinobwino.

Nangozo ku Nkhotakota: Ine ndilankhuleko za madziwo, chifukwa pa malo ogona alendo amene ndimayang'anira nkhondo yathu yaikulu ndi imeneyo. Anthu sadziwa kuti aircon imakama madzi ochuluka bwanji mumpweya. Januwale ndi Febuluwale, chinyezi chitafika poti chopukutira chosamba sichiuma tsiku lonse, makina a chipinda chimodzi amatha kutulutsa lita yathunthu pa ola. Madzi onsewo njira yake ndi kapaipi kamodzi konga chala. M'kati mwake mumamera zoterera ngati mamina, kunja kwake mavu amakonda kumatapo dothi. Pena mupeza womanga anakaika mopanda kutsetsereka, pena wina wakaviika m'chidebe kukamwa kwake kuli pansi pa madzi. Katsekeka basi, madzi amabwerera m'nyumba. Ife timathira kapu ya madzi m'kangalande kaja, wina ali panja kuona ngati akutuluka. Akapanda kutuluka timachotsa dothi kukamwako ndi kawaya kofewa, kenako timathira madzi ofunda osakaniza ndi viniga.

Malume ku Nkhata Bay: Bwanji osathira jiki kuti zife zonse?

Nangozo ku Nkhotakota: Jiki asakhudze tizitsulo tija malume, amadya aluminiyamu. Komanso fungo lake mlendo agona nalo usiku wonse.

Anaphiri ku Salima: Abale inu, ndatsegula. Ma sefa ake simungaone kuwala mbali inayo, ada bii. Ayisi analipodi kumtunda. Paipi ya panja ili gwa, mavu anamangamo. Mwana wanga wachotsa, madzi atuluka akuda ndi fungo.

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Isiyeni yozima ayisi asungunuke yense, musamukokote ndi mpeni. Madzulo muyatse, idutse mphindi 15, mupite panja. Pa makina a panja pali mapaipi awiri a kopa, waukulu ndi waung'ono. Gwirani waukuluwo pamene akulumikizana ndi makina. Ukakhala wozizira, ukuchita mame, gasi alimo. Mukaona waung'onowo wayera ndi ayisi pamene waukulu suli wozizira n'komwe, pamenepo ndiye tikambe za gasi.

Mphwanu wa Ma Gauge: Madala, ndi ulemu wonse, musatipangitse tonse kuoneka ngati akuba. Inenso ndimagwira ntchito yomweyi. Ukamuuza kasitomala kuti tifufuze pothawira, tiike nayitirojeni woyesera mapaipi, tikoke vakyumu yochotsa mpweya ndi chinyezi m'mapaipimo, ntchito ya tsiku lonse, amati wadula. Amafuna uthire, izizire lero, alendo akubwera mawa. Ndiye ine ndikane ndalama ana agone ndi njala?

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Mphwanga, zimenezo ndazionanso, ndipo makasitomala otere alipodi. Koma muuze munthuyo zoona: ndikuthira, koma pakuthawa, miyezi ingapo tidzaonananso. Asankhe yekha akudziwa. Chimene ndikudana nacho ndi kunena kuti gasi watha usanatsegule ngakhale chivindikiro. Komanso kufufuza sikuti nthawi zonse ndi ntchito ya tsiku lonse. Malo oyamba ndi pa manati a flare, polumikizira mapaipi a kopa pamene kukamwa kwa paipi amakutambasula, anayi okha, awiri panja awiri m'kati. Pamene gasi akuthawira pamakhala mafuta ndipo fumbi limamatirirapo, pamaoneka ponyowa. Thovu la sopo likuuza pompo. Nthawi zambiri ndi flare imene woika makina anaipanga mothamanga, umangodula n'kupanga ina.

Mphwanu wa Ma Gauge: Apo nde ndikuvomera. Oika makina ena vakyumu pampu alibe n'komwe, amangotsegula gasi pang'ono kuti akankhe mpweya, basi amanga.

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Ndipo kuno kwa chinyezi ndiye kupha makina kumeneko. Mpweya wotsala m'mapaipi uli ndi madzi, madziwo akakumana ndi mafuta a kompuresa, injini yopopa gasi ya m'makina a panja, amapanga asidi. Makina amayenda bwino chaka choyamba, mwini wake n'kumayamika, kenako kompuresa yapsa. Eni nyumba, munthu akabwera kudzaika aircon funsani kuti vakyumu pampu ili kuti. Akabwera kudzathira gasi funsani sikelo, chifukwa pa chikwangwani cha m'mbali mwa makina a panja analembapo mtundu wa gasi ndi magalamu ake. Wothira mongoyerekeza ndi dzanja akhoza kupitiriza muyeso, ndipo gasi wochuluka amalemetsanso kompuresa.

Bambo a Tadala ku Nchalo: Yanga palembedwa R22. Wina anandiuza kuti ameneyu analetsedwa. Zoona?

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Akuthetsedwa pang'onopang'ono. R22 ali m'gulu la magasi owononga ozoni, ndipo pa mgwirizano wa Montreal wa 1987 maiko anagwirizana zosiya magasi otere. Maiko ngati lathu malire ake ndi 2030. Palibe amene abwere kudzakulandani makina, koma gasiyo azisowa ndi kukwera mtengo. Yanuyo isamaleni, ikadzafa kompuresa musadzavutike kuikonza, mudzagule yatsopano. Zatsopano zambiri ndi R410A kapena R32. Chachikulu, magasi amenewa sasakanizidwa. R410A amayenda ndi presha yokwera kwambiri kuposa R22 ndipo mafuta ake ndi osiyana. R32 amatha kuyaka, choncho wowotcherera paipi ayambe wachotsa gasi yense. Ndipo wina asadzakunamizeni kuti gasi wophikira amagwiranso ntchito, mudzaphulitsa nyumba.

Malume ku Nkhata Bay: Inu mukukamba za m'nyumba, ife vuto lathu lili panja. Nkhungu zikatuluka m'nyanja, tizilombo touluka tija timaoneka ngati utsi patali, mphepo ikazibweretsa kumtunda, m'mawa mupeza makina a panja kumbuyo kwake kwamatidwa ngati chikumba. Fani imazikokera yokha. Agogo athu ankakondwa nazo, ankaziwomba ndi lichero n'kupanga ndiwo, koma aircon sikondwa nazo ayi. Ikatsekeka choncho imangolira, kenako yazima yokha masana.

Nangozo ku Nkhotakota: Kunonso zimafika malume. Ife tinachotsa babu la chitetezo limene linali pamwamba penipeni pa makina n'kulisunthira pakona ina ya nyumba. Nkhunguzo zimatsata kuwala, ndiye zinachepa kwambiri.

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Nzeru imeneyo ndaitola, amayi. Makina a panja ntchito yake ndi kutaya kutentha konse kochokera m'chipinda. Akatsekeka, kaya ndi nkhungu, masamba a mango, nthenga za nkhuku kapena udzu, kutenthako kumasowa kopita, presha imakwera, magetsi amadyeka ambiri, kompuresa imadzizimitsa kuti isapse. Kutsuka kwake: zimitsani magetsi, tengani bulashi yofewa mutsitse kuchokera m'mwamba motsata mizere ya tizitsulo, osati mopingasa, kenako madzi a paipi ya m'munda osathamanga kwambiri. Makina otsukira galimoto aja ayi, amapinda tizitsulo tonse. Mbali imene kuli mawaya musalozeko madzi. Komanso kumbuyo kwake kukhale mpata, masentimita 30 kuchoka pakhoma, kutsogolo kopanda chotchinga. Ena mumamangira kakhola ka njerwa poopa akuba a kopa, n'kutseka mbali zonse, makina n'kumapuma mpweya wake womwe wotentha. Ikani khola la zitsulo lodutsa mphepo.

Achisale ku Durban: Moni kumudzi. Inu thokozani kuti nyanja yathu ilibe mchere. Kuno ku Durban chinyezi chilipo ngati kwanuko koma mphepo ya kunyanja imabwera ndi mchere, tizitsulo timafumbutuka ukangokhudza, mabokosi amachita dzimbiri zaka zochepa. Ku nyumba zimene ndimagwirako ntchito pafupi ndi gombe timatsuka makina a panja ndi madzi a pampopi pafupipafupi ngakhale akuoneka oyera. Abale athu a ku Beira ndi Quelimane akudziwa zimene ndikunena. Chinanso chimene ndaona kuno n'chakuti nalimata amalowa m'bokosi la magetsi la ma aircon a inverter, aja kompuresa yake imasintha liwiro m'malo mongoyaka ndi kuzima, akagona pa bolodi yapsa, iyenso wapserera pomwepo.

Mphwanu wa Ma Gauge: Nalimata ndi nyerere kunonso atipatsa ntchito achimwene. Bolodi ya inverter kuipeza kwake n'kovuta, nthawi zina mpaka kuitanitsa kunja. Timatseka mabowo olowera mawaya ndi silikoni.

Bambo a Tadala ku Nchalo: Ine ndili ndi mlandu wina ndi mayi a kunyumba. Iwo amati pa rimoti tiziika madigiri 16 kuti kuzizire msanga. Ine ndimati 24. Mayunitsi akutha ngati tili ndi chigayo. Tiweruzeni.

Nangozo ku Nkhotakota: Kkkk nkhani za m'banja tisalowerere, koma alendo anganso onse amathamangira 16 kenako n'kupempha bulangete.

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Pepani kwa alamu anga, mlanduwu awina ndi abambo. Nambala ya pa rimoti ndi pamene makina akapumire, si liwiro lake. Mukaika 16 ku Nchalo mwezi wa Novembala, chipinda sichidzafikapo, ndiye kompuresa sipuma mpaka kucha. Makina a 12000 BTU (muyeso wa mphamvu yoziziritsira) osakhala inverter amadya yunitsi imodzi ndi kakusefukira pa ola lililonse limene kompuresa ikuyenda. Werengani nokha usiku wonse, mwezi wonse. Ikani 24 kapena 25, muyatsenso fani ya kudenga, thupi limva bwino lomwe. Nthawi ya mvula yesani Dry, pa rimoti pamakhala kachizindikiro ka dontho la madzi. Chimene chimatisowetsa tulo mu Febuluwale kwenikweni ndi chinyezi, thukuta siliuma pakhungu. Mukachotsa chinyezicho, 25 imakoma.

Malume ku Nkhata Bay: Nanga kugula yaikulu kuti tithane nazo kamodzi? Ndikufuna 24000 ya chipinda chogona, cha mamita 4 kwa 4.

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Ayi malume, mutaya ndalama kawiri. Chipinda chimenecho ngati chili ndi siling'i, 9000 kapena 12000 yakwana. Yaikulu mopitirira imaziziritsa mpweya m'mphindi zochepa n'kuzima isanakame madzi. Mumapezeka muli m'chipinda chozizira koma chonyowa, zofunda zili nyankhanyankha, nsapato ndi malamba m'kabati zikuchita nguwi. Kuyaka ndi kuzima pafupipafupiko kumatopetsanso kompuresa. Kwa ouma ngati ku Mzimba mwina simungazione msanga, koma m'mphepete mwa nyanja muziona mwezi woyamba. Ndipo ngati nyumba ilibe siling'i, malata ali pamtunda pomwepo, yambani mwaika siling'i ndi makatani okhuthala ku mawindo a kumadzulo.

Mayi a Mapasa ku Liwonde: Ndalowa mochedwa, pepani. Yathu ikangoyaka pamatuluka fungo ngati la masokosi onyowa, ndipo mwana wanga wa mphumu amayamba kutsokomola. Ma sefa ndimatsuka.

Nangozo ku Nkhotakota: Walitsani tochi ya foni potulukira mpweya, achemwali. M'katimo muli chigudumu chachitali chozungulira. Mukaona madontho akuda pa mapeni ake ndi m'mbali, ndi nguwi imeneyo, ndipo mwanayo akupuma zimenezo. Ma sefa okha sathandiza pamenepo. Pamafunika mmisiri amasule chikuto, amange chipepala cha pulasitiki pansi, atsuke chigudumucho, tizitsulo ndi kangalande ndi mankhwala ake. Ife timachita dzinja lisanayambe ndiponso likangotha. Kuti isabwerere msanga, musanazimitse m'mawa isiyeni pa Fan yokha theka la ola m'kati muume. Mwanayo agone kaye chipinda china kufikira itatsukidwa.

Mayi a Mapasa ku Liwonde: Ndaona, m'makuda zedi. Zikomo kwambiri, ndimuitana mmisiri sabata ino.

Wa Sola ku Lilongwe: Palibe amene wakamba za magetsi, pamene makina ambiri amene ndawaona atafa anafa ndi magetsi. Akazima n'kubwera nthawi yomweyo, kompuresa imayesa kudzuka presha isanakhazikike. Imafunika mphindi zitatu kapena kuposa. Makina ambiri atsopano amadikira okha, koma ikanipo kachipangizo koteteza kaja, kamene kamadula magetsi akatsika kapena kukwera kwambiri n'kudikira kasanalumikizenso. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndiye madzulo mukaona mababu akuchita tsinzinitsinzini, zimitsani aircon. Ikhalenso ndi buleka yakeyake, osati kuilumikiza pa ekisitenshoni imodzi ndi firiji ndi ayironi.

Bambo a Tadala ku Nchalo: Ya mlamu wanga imangoti mmmm panja, fani osazungulira. Anamuuza kuti kompuresa yapita, agule ina.

Mphwanu wa Ma Gauge: Asagule kaye. Kung'ung'udza koteroko kawirikawiri ndi capacitor, kachitini kozungulira kokhala m'bokosi la mawaya. Kamafooka ndi kutentha, pamwamba pake pamatukumuka. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kompuresa, kusintha kwake mphindi zochepa. Koma aizimitse pompano, chifukwa ikapitiriza kung'ung'udza ndiye kompuresayo ipsadi. Ndipo asatsegule yekha, kachitiniko kamasunga magetsi ngakhale mwazimitsa pakhoma. Wosinthayo aike ka manambala ofanana ndi kakaleko.

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Mwaona, mnyamatayu ntchito amaidziwa, kungoti makasitomala amamunyengerera. Kkkk.

Achisale ku Durban: Madala, bwanji za chinkhupule chakuda chokutira mapaipi? Kunyumba kwa amayi ku Salima ndinaona chathetheka.

Madala wa Mafiriji ku Mangochi: Dzuwa limachidya, makoswe ndi nkhuku kumalizitsa. Paipi ikakhala pamtunda imachita thukuta, ndipo ngati yadutsa m'denga mudzaona banga pa siling'i n'kumanamizira malata. Kuzizira kwina kumatayikanso m'njira. Gulani china, akulunge ndi tepi yoyera pamwamba kuti dzuwa lisachipeze.

Malume ku Nkhata Bay: Funso lomaliza kwa a Sola. Kajenereta kanga ndi ka 2 kVA. Magetsi akazima usiku kangaidzutse ya 12000?

Wa Sola ku Lilongwe: Ngati si inverter, musayese malume. Poyenda imadya kilowati imodzi ndi pang'ono, koma podzuka imakoka kangapo kuposa pamenepo, kajenereta kamatsamwa, magetsi amagwa, ndipo chovulala ndi kompuresa. Ya inverter imadzuka pang'onopang'ono, ndiye ikhoza kuyenda ngati palibe firiji kapena ketulo pa mzere womwewo, koma bolodi yake imafuna magetsi osadumphadumpha, choncho jeneretayo ikhale ndi AVR, kachipangizo kokhazikitsa mphamvu ya magetsi. Poti simunagule, tengani ya inverter ya 9000, sidzakuvutaninso kwambiri mukadzaika sola. Nditumizireni chithunzi cha chikwangwani cha jeneretayo ku inbox ndione manambala ake enieni.